Duwa la apongozi lachita chikasu, ndipo wolilodza ndikumudziwa

Aphungu,

Ndiyambe ndi kunena kuti ine za ufiti sindizikhulupirira. Ndinamaliza sekundariya ku Zóbuè, Biolojiya ndinkakhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwathu, ndipo mpaka lero ndikhoza kukujambulirani tsamba n'kulemba mayina a mbali zake zonse m'Chipwitikizi. Koma zimene zikuchitika m'nyumba mwanga kuno ku Moatize zandifikitsa pothira phulusa ndi mchere m'vazo ya maluwa. Mayina sindisintha. Amene adzizindikire m'kalatayi adziwe kuti ndikunena iyeyo.

Ndinakwatiwa ndi Lúcio mu Maio chaka chatha. Tonse kwathu ndi ku Zóbuè, koma timakhala kuno chifukwa iye amayendetsa chigalimoto chonyamula malasha ku mgodi. Bambo ake, malemu Amós, anali katekista, ndipo anabzala chitsamba cha gardénia pambali pa nyumba kuti azipeza maluwa a paguwa. Ndi duwa loyera lija, lonunkhira mpaka kumsewu. Atamwalira, apongozi anga a Dona Piedade anaika lamulo lawolawo. Mkazi aliyense wokwatiwa ndi mwana wawo amalandira nthambi ya chitsambacho m'vazo tsiku la ukwati. Ndiye pa 2 Novembro, tsiku la Finados lokumbukira akufa, aliyense amabwera ndi duwa lothyola m'vazo yakeyake n'kukaliika pamanda a malemuwo, banja lonse likuonerera. Apongozi amayamba alinunkhiza kaye duwalo ngati akuyesa nsomba pamsika.

Pondipatsa vazo yanga anati, "Mwanawe, ichi si chokongoletsa ayi. Ndikufuna ndione manja amene ndawapatsa Lúcio."

Chaka chatha anandikhululukira poti kamtengo kanali kakang'ono. Chaka chino chowiringula palibe. Cremilde, mkazi wa alamu anga aakulu, amakhala ku Zóbuè komweko, kumene ngakhale mpini wa khasu ukauiwala panja umaphuka. Lamlungu lililonse amatumiza chithunzi cha duwa lake pa foni ya banja, pansi n'kulembapo kuti "Mulungu ndi wabwino." Inde ndi wabwino, Aphungu, koma amupatse Cremilde kutentha kwa ku Moatize kwa mlungu umodzi wokha tione ngati adzalembabe.

Tsopano ndifike pa mlamu wanga Elvira, mlongo wake wa Lúcio. Amakolopa m'maeskritoriyo, maofesi a kampani ina yogwira ntchito ndi mgodi. Tsiku la ukwati wanga ndinamumva ndi makutu angawa, ali kuseri kwa khitchini, akuuza amayi ophika kuti, "Achimwene akwatira diploma. Tizidya mapepala." Onse anaseka. Ine ndinali nditavala velo, sindikanatha kumulumphira. Ndinangozisunga. Ndikadazisungabe, ndipo sizinachite nkhungu.

Titangokhazikika kuno, Elvira anayamba kubwera Loweruka lililonse atanyamula chigubu cha malita asanu chopanda chizindikiro. Moni wachidule, kenaka molunjika ku vazo. Amathirira, amapukuta masamba ndi kansanza, amalankhula nalo duwalo kuposa mmene amalankhulira ndi ine mwini nyumba. Chigubucho amachisiya n'kunena kuti, "Mlamu, muzithira awa. A pamjigo musathire." Ine ndinkangoti chabwino, wantchito waulere sakanidwa. Kunena zoona, duwa linkakula bwino. Masamba anali obiriwira, onyezimira ngati apakidwa mafuta, ndipo mu Junho chaka chino ndinawerenga timitu ta maluwa tisanu ndi tiwiri.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti kodi madzi amenewa amawatunga kuti. Anaseka n'kunena kuti, "Amatuluka m'khoma la kuntchito kwathu."

M'khoma, Aphungu! Ine munthu wa décima segunda, kalasi yomaliza ya sekundariya, andiuze kuti khoma limatuluka madzi? Ndinati, "Ngati ukundiyesa chitsiru, nena. Ngati ndi mankhwala, nenanso." Iye anati, "Diploma yonse ija simukudziwa?" Mawu aja anabwereranso, m'nyumba mwanga, pampando wanga, atagwira kapu yanga. Ndinatenga chigubu chija n'kukhuthulira pabwalo, ndipo ndinamuuza kuti phazi lake lisadzapondenso pakhomo panga. Potuluka anatembenuka n'kunena kuti, "Chabwino. Tionana pa Finados."

Mwamva? "Tionana pa Finados." Sungani mawu amenewo.

Kuyambira tsikulo ndinayamba kuthirira ndekha madzi a pamjigo wa m'bairro, dera lathu lino, omwewo amene timamwa tonse. Si madzi osangalatsa. Sopo sachita thovu, ndipo mphika wowiritsira madzi a tiyi umachita chikhungwa choyera mkati mwake choti uzichita kupala ndi mpeni. Koma ngati Lúcio akumwa n'kumanenepa, duwa ndi ndani kuti likane?

Patangopita milungu inayi, masamba anthete a kunsonga anayamba kutuwa. Kenaka anasanduka achikasu ngati nthochi, koma mitsempha yake inatsala yobiriwira, moti tsamba limaoneka ngati mapu a mitsinje amene tinkajambula kusukulu. Masamba akale a m'munsi anali bwinobwino. Ndinati mwina ndi njala. Bambo anga ndi mlimi wa chimanga, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti chimanga chikachita chikasu umathira ureya, kachitsekerero kamodzi ka botolo paphando. Ndinati ili ndi duwa la katekista, ndilipatse ulemu, ndinathira tiwiri. Patapita masiku atatu, m'mphepete mwa masamba munawauka ngati wina wadutsitsamo kandulo. Timitu titatu tinayoyoka tisanamasule.

Apa m'pamene Biolojiya inandithawa. Mayi wina woyandikana nane, wa ku Kambulatsitsi, anasuzumira pawindo n'kunena kuti, "Ili alilankhulira ili." Anandiuza kuti ndiwaze phulusa mozungulira tsinde, ndi mchere pang'ono, kuti zobwera zibwerere kwa mwini wake. Ndinaseka pamaso pake. Atachoka ndinachita, ndipo phulusa lake silinali lochepa. Lamlungu ndinapita ndi kabotolo ku parokya kukatenga madzi odalitsa, n'kuthiramonso. Ndinati mbali zonse ziwiri zigwire ntchito, idzapambane ndi yomweyo.

Palibe yapambana. Lero masamba atsopano akutuluka pafupifupi oyera. Pamwamba pa dothi ndi m'milomo mwa vazo pachita zoyera ngati ufa. Masamba akale akutidwa ndi zakuda, ukapukuta ndi chala chimada. Timitu tatsala tiwiri, ndipo ndimaopa ngakhale kuyetsemula pafupi.

Lúcio sakundithandiza. Ndikamuonetsa amangoti, "Umuitane Elvira." Ndinamuuza kuti akamukwatire Elvirayo, anayankha kuti, "Ndi mlongo wanga, iwe," ngati ine ndaiwala. Masiku ano akaweruka amadutsira kaye kwa mlongo wakeyo, amafika kuno atakhuta. Apongozi anaimba foni dzana kufunsa kuti, "Mwana wa bambo ali bwanji kumeneko?" Duwalo amalitchula choncho. Ndinati ali bwino, akupereka moni. Ndinanama kwa mkazi wa katekista, ndipo kukalapa sindinapite chifukwa ndikudziwa kuti ndinamanso.

Finados yatsala milungu isanu ndi umodzi. Ndikapita chimanjamanja, Cremilde adzaika duwa lake pamanda, Elvira adzandiyang'anitsitsa, ndipo dzina la diploma lidzandimamatira mpaka ndidzaikidwe pamanda omwewo. Ndamva kuti ku Tete, kutsidya kwa mlatho, kuli munthu wogulitsa maluwa a m'mavazo. Ndikuganiza zokagula gardénia ina, ndiiike m'vazo yomweyi, yakaleyi ndikaitaye kudzala. Ndani angadziwe?

Ndiye mafunso anga ndi awa. Kodi chimene Elvira anathira n'chiyani, ndipo chimachotsedwa bwanji? Nanga ndikagule linalo kapena ayi? Chonde musandiuze zokhululuka. Zimenezo ndimazimva kale Lamlungu lililonse, ndipo kumeneko amaimbako ndi nyimbo.

Ine,
S.U., Moatize

*

Mayi S.U.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, koyamba ndikuseka, kachiwiri ndikumvera chisoni duwa. Munthu amene akulizunza ndamupeza, ndipo simuvutika kumufunafuna. Amagona m'nyumba mwanu momwemo, anamaliza décima segunda.

Tiyambe ndi khoma lotuluka madzi. Maeskritoriyo a kumeneko ali ndi makina oziziritsa mpweya. Kuseri kwa makina alionse kumakhala kapaipi koboola khoma, kodontha madzi tsiku lonse. Madzi amenewo ndi chinyezi cha mumpweya, ali ngati a mvula, alibe mchere kapena njereza. Okolopa amatchera ndowa pamenepo n'kumathirira maluwa a mabwana awo. Mlamu wanu sananame. Anakuyankhani mwachipongwe, inde, koma ananena zoona. Kwa chaka chathunthu mayiyu ankanyamula malita asanu Loweruka lililonse, pa dzuwa la ku Moatize, kubweretsera duwa la bambo ake m'nyumba ya munthu amene samuseka naye. Inu munakhuthulira pabwalo.

Tsopano tiwerenge masambawo, poti alemba zonse.

Masamba anthete achikasu okhala ndi mitsempha yobiriwira, akale ali bwino, ndiye kuti duwa likusowa ferro, chitsulo chija munaphunzira kuti chomera chimafuna kuti tsamba libiriwire. Sikuti m'dothimo mulibe. Gardénia imakonda dothi lowawasa pang'ono ngati la kumapiri kwanu ku Zóbuè. Madzi a pamjigo wanu ndi odzaza njereza, umboni wake ndi chikhungwa cha mumphika wa tiyi ndi zoyera za m'milomo mwa vazo. Njereza ikachuluka m'dothi imamanga chitsulocho, mizu imalephera kuchiyamwa. Chikanakhala chikasu cha njala ya ureya, chikanayambira masamba akale a m'munsi, tsamba lonse n'kuyezuka pamodzi ndi mitsempha yomwe, monga chimachitira chimanga cha bambo anu. Chanu chinayambira kumwamba. Munapereka mankhwala a matenda ena.

Kuwauka kwa m'mphepete ndi ureyayo. Kachitsekerero kamodzi n'ka phando la m'munda, kumene mvula imatsuka ndipo mizu ili ndi kothawira. M'vazo mulibe kothawira. Inu munathira tiwiri, mwaulemu.

Phulusa ndi njereza inanso, yoposa ya m'madzi. Mchere umawotcha mizu. Madzi odalitsa sindiwanyoza, koma kafunseni kumene a ku parokya amatunga asanadalitse. Ndikukayika ngati ndi kutali ndi mjigo wanu.

Zakuda za pamasamba, pukutani ndi chala. Zikachoka ngati fumbi louma, ndi malasha a m'tauni mwanumo, amene Elvira ankachotsa ndi kansanza kaja inu mukuti akucheza ndi duwa. Zikakhala zomata, tembenuzani tsamba muone kunsi ngati kuli tizilombo tokakamira ngati nkhanambo, mutichotse ndi nsalu yoviika m'madzi a sopo pang'ono.

Chitani izi mlungu uno, osati wamawa. Palani dothi la pamwamba ndi supuni, kuya kwa zala ziwiri, muchotse phulusa ndi mchere wonse osavulaza mizu. Onetsetsani kuti kabowo ka pansi pa vazo n'kotsegula. Kenaka tsukani dothilo. Thirani madzi opanda njereza pang'onopang'ono, ochuluka, mpaka atuluke pansi kangapo, ndipo otulukawo mutaye, vazo isakhale m'madzi. Pamwamba bwezeranipo dothi la masamba owolerana. Ulendo wa ku Tete uja pitanibe, koma mukalowe m'sitolo ya zaulimi mukafunse quelato de ferro, muthire monga alembera papaketi. Monga alembera, mayi, osati mwaulemu. Feteleza wina aliyense ayi kwa mwezi wathunthu. Misomali yadzimbiri imene ena akuuzeni kuti mukwirire m'vazo isiyeni, ndi yochedwa kuposa Finados. Masamba muzipukuta kawiri pamlungu ndi nsalu yonyowa. Vazo ikhale pamalo owala koma osafika dzuwa lamasana, ndipo mukaiika musamaisunthesunthe. Gardénia ikasamutsidwa kapena ikapsa ndi kutentha imataya timitu, ndipo Outubro wa kwanuko mukumudziwa. Thirirani dothi likayamba kuuma pamwamba, osadikira kuti liume gwa, osalisandutsanso dambo.

Ndikuuzeni zoona zake. Masamba owauka sadzachira. Muziyang'ana atsopano. Akayamba kutuluka obiriwira pakatha milungu itatu kapena inayi, ndiye kuti mwalipulumutsa. Timitu tiwirito mwina tigwira, mwina ayi. Sindikulonjezani duwa pa 2 Novembro.

Zogula lina, iwalani. Choyamba, mukalithirira madzi omwewo lidzachita chikasu chomwecho Khirisimasi isanafike, ndipo mudzakhala kasitomala wa munthu wa kutsidya kwa mlathoyo moyo wanu wonse. Chachiwiri, apongozi anu akhala ndi chitsamba chimenecho zaka zambiri kuposa zimene inu mwakhala ndi mano. Mayi amene amati duwa ndi mwana wa bambo mukuganiza kuti sangazindikire mwana wobwereka? Kufika wopanda duwa ndi manyazi a tsiku limodzi. Kugwidwa mutaika duwa logula pamanda a katekista ndi nkhani imene adzakambirana ngakhale adzukulu a Cremilde. Ngati silimasula, aimbireni foni apongozi tsikulo lisanafike, muwauze kuti mwana wa bambo anadwala, akuchira. Mukapita, mukawapemphe thumba la dothi la pansi pa chitsamba chachikulucho kuti mudzasinthire m'vazo. Apongozi ambiri amafewa akapemphedwa kanthu kamene iwo okha ndiwo ali nako.

Mwati ndisakuuzeni zokhululuka, ndipo sindikuuzani. Mawu a diploma aja anali achipongwe, ndipo tsiku lina mudzamuuze Elvira maso ndi maso kuti anakupwetekani, m'malo momawasunga ngati mbewu. Ine ndikungokuuzani za madzi. Tili mu Setembro. Mvula ku Moatize ili kutali, Finados ifika iyo isanagwe. Mukhoza kudontheza vinagre, viniga wa kukhitchini uja, m'madzi a pamjigo, kasupuni ka tiyi kamodzi pa malita asanu, ndipo zithandizako masiku ochepa, koma kutsuka dothi lodzaza phulusa, mchere ndi ureya kukufuna madzi ambiri oyera. M'tauni monsemo, munthu amene mukumudziwa woti angakupezereni madzi otero mlungu uliwonse ndi mmodzi yekha, ndipo amuna anu amadya kwawo madzulo alionse.

Chenjezo langa ndi ili. Madzi a m'khomawo ndi a duwa okha, musamwe kapena kuphikira. Ndipo musatume Lúcio kuti akakutengereni mwakachetechete, chifukwa Elvira adzadziwa kuti mukufuna madzi ake koma nkhope yake simukuifuna, ndipo kapaipi kaja kadzauma tsiku lomwelo. Chigubu munakhuthula chija chikadali kwanu, sindinamve kuti munabweza. Chitsukeni, muchinyamule nokha Loweruka lino, chopanda kanthu, mukagogode. Akatsegula, diploma muisiye panja pamodzi ndi nsapato.

Aphungu anu,
Tia Inácia